Shakespeare asanabadwe, Angerezi ankalakatula ndi kusewera zotani?

Funso: Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale. Tili mkati mowerenga sewero la Macbeth, mwana wina wa Folomu 4 anandifunsa kuti, "Kodi Shakespeare ndiye anayambitsa ndakatulo ndi zisudzo ku England? Ngati si iye, anaphunzira kwa ndani?" Ndinangomuuza kuti analipo ena m'mbuyomo, koma ineyo sindinakhutire ndi yankho langalo. Tandithandizeni.

Yankho: Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, mutu wake umagwira. Shakespeare sanayambitse chilichonse mwa ziwirizi. Iye anabadwa mu 1564, pamene ndakatulo za m'Chingerezi zinali zitamveka kale kwa zaka pafupifupi 900. Zisudzo nazo anazipeza zili m'misewu, ozichita ake ali akalipentala, ophika buledi ndi osula misomali. Luso limeneli linakulira pakamwa ndi pabwalo, m'chiyankhulo chimene kwa nthawi yaitali akuluakulu ankachiyesa cha anthu wamba, ndipo zochepa zimene tili nazo lero zinapulumuka mwamwayi basi.

Chiyankhulocho chinafika pachilumba cha Britain ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, yochokera kumene lero kuli Denmark ndi kumpoto kwa Germany. Anayamba kukhazikika m'zaka za m'ma 400, Aroma atachoka. Chingerezi chawo Mngerezi wa lero sangachimve popanda kuchiphunzira ngati chilendo. Mukalembe pabolodi mzere uwu, umene ndi woyamba wa ndakatulo ya Beowulf, muone ngati alipo mwana amene atolepo kanthu: "Hwæt! We Gardena in geardagum." Mawuwa akuitana anthu kuti atchere khutu, amve za ankhondo a mikondo a ku Denmark a masiku amakedzana.

Mlakatuli woyamba amene timamudziwa dzina sanali wophunzira. Nkhani yake anailemba ndi Bede, mmonke wa ku Jarrow, m'buku la mbiri ya mpingo wa Angerezi limene anamaliza mu 731. Akuti pa nyumba ya amonke ya ku Whitby, nthawi imene ankailamulira mayi wotchedwa Hild, pakati pa 657 ndi 680, panali wantchito dzina lake Caedmon. Pa phwando anthu ankapatsirana zeze kuti aliyense aimbepo. Caedmon akaona zeze uja akuyandikira, ankanyamuka mwakachetechete n'kuzemba, chifukwa sankadziwa nyimbo ndi imodzi yomwe. Usiku wina atazemba choncho anapita kukhola, poti inali nthawi yake yolondera ziweto, ndipo tulo titamugwira analota wina akumuitana ndi dzina kuti aimbe. Iye anakana kuti satha. Winayo anaumirira kuti aimbe za chiyambi cha zolengedwa, ndipo anaimbadi. Kutacha anakauza kapitawo wake, kapitawo anapita naye kwa Hild. Kuyambira pamenepo ophunzira ankamuwerengera Malemba, iye n'kukagona nawo, m'mawa n'kubwera atawasandutsa ndakatulo. Bede akuti ankachita ngati ng'ombe yobzikula. Nyimbo ya kukhola ija ilipobe, ndi ya mizere 9 yokha. Za malotowo aliyense akhulupirire mmene akufunira, koma nkhaniyi ikutionetsa kuti kuimba ndakatulo pa phwando unali mwambo wa aliyense, moti wosatha ankachita manyazi.

Ndakatulo za nthawi imeneyo sizinkafananitsa mamvekedwe kumapeto kwa mizere monga ana anu anazolowera. Mzere uliwonse unkaduka pakati, mbali iliyonse n'kukhala ndi malo awiri otsindika, ndipo chomangirira mbali ziwirizo chinali liwu loyambira mawu. Mu mzere uja muona "Gardena" ndi "geardagum" akuyamba mofanana. Zinkathandiza woimba kukumbukira, komanso zinkamveka bwino m'holo yaphokoso. Ankakondanso kutchula chinthu mozungulira: nyanja ankati msewu wa nangumi, thupi ankati nyumba ya mafupa.

Beowulf ndi ya mizere 3,182, ndipo chodabwitsa n'chakuti nkhani yake sichitikira ku England n'komwe. Mfumu ya ku Denmark, Hrothgar, yamanga holo yaikulu, koma chilombo chotchedwa Grendel chakhala chikubwera usiku kudzadya anthu kwa zaka 12. Beowulf akuwoloka nyanja kuchokera kumwera kwa Sweden, akulimbana nacho ndi manja okha mpaka kuchizula mkono, kenako akutsatira mayi wa chilombocho pansi pa madzi. Atalamulira kwawo zaka 50, akumenyana ndi chinjoka cholavula moto, akuchipha, nayenso akufa. Ambiri amaikamba ngati nkhani ya chamuna, koma ine ndimaiona ngati nyimbo ya maliro. Imathera pa mwambo wotentha mtembo, mayi wina akulira kuti tsopano adani abwera ndipo anthu atengedwa ukapolo. Ndakatulo yonseyi inatsala m'buku limodzi lokha lolembedwa pamanja cha m'ma 1000. Mu 1731 nyumba yosungiramo mabuku ku London inapsa, bukulo linawauka m'mphepete, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1815. Choncho Shakespeare sanawerengepo Beowulf. Mfundo imeneyi mukaitchule m'kalasi, kuti ana asaganize kuti alembi ankangopatsirana ndodo mwadongosolo kuchokera kwa woyamba mpaka womaliza.

Ndakatulo zonse za Chingerezi chakalecho zimene zinatsala ndi mizere pafupifupi 30,000, ndipo zambiri zili m'mabuku anayi okha. Limodzi linakapezeka ku Vercelli, kumpoto kwa Italy, ndipo muli ndakatulo imene mtanda weniweniwo ukufotokoza mmene unamvera pa tsiku la kupachikidwa kwa Khristu. Lina bishopu Leofric, amene anamwalira mu 1072, analisiyira tchalitchi chachikulu cha ku Exeter, kumene lili mpaka lero. Pa bukuli pali zipsera za mpeni ngati wina ankadulirapo zinthu, pali banga lozungulira ngati panakhala chikho, ndipo masamba akumapeto anabooka ndi moto. M'menemo ndi mmene muli ndakatulo zachisoni za munthu wotaya mbuye wake ndi za woyenda panyanja m'chisanu, komanso zilapi zoposa 90. Chilapi china chimati: mbala inabwera mumdima n'kumeza mawu a munthu wanzeru, koma sinachenjere ngakhale pang'ono. Yankho lake ndi njenjete yodya mabuku. Zina mwa zilapizo ndi zolaula ndithu, ndipo zinakopedwa ndi anthu a mpingo.

Mu 1066 William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, zinthu n'kutembenuka. Kunyumba ya mfumu ndi kukhoti kunalowa Chifalansa, kutchalitchi ndi kusukulu kunali Chilatini, Chingerezi n'kutsalira alimi ndi antchito. Sichinafe, koma chinasintha kwambiri, chinataya timapeto tambiri ta mawu n'kumeza mawu zikwizikwi a Chifalansa. Cha m'ma 1200 wansembe wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Severn, dzina lake Layamon, analemba mbiri ya mafumu a Britain m'mizere pafupifupi 16,000. Umo ndi mmene nkhani ya mfumu Leir ndi ana ake aakazi atatu inalembedwa koyamba m'Chingerezi, zaka 400 Shakespeare asanaigwire m'sewero lake la King Lear.

Chingerezi chinadzukanso m'zaka za m'ma 1300. Nkhondo yaitali ndi France inayamba mu 1337, mliri wa mu 1348 ndi 1349 unapha anthu osaneneka n'kukweza mtengo wa wantchito wamba, ndipo mu 1362 lamulo linati milandu izikambidwa m'Chingerezi. Apa ndi pamene pakutulukira Geoffrey Chaucer, mwana wa wogulitsa vinyo ku London. Ntchito yake yeniyeni inali ya boma: kuyambira 1374 mpaka 1386 ankayang'anira msonkho wa ubweya wa nkhosa ndi zikopa padoko la London, ndipo mfumu inamutumapo ku Genoa, Florence ndi Milan, kumene anakumana ndi zolemba za alakatuli a ku Italy. Mu The Canterbury Tales anasonkhanitsa anthu pafupifupi 30 pa nyumba ya alendo ku Southwark, onse ali pa ulendo wa ku manda a Thomas Becket, bishopu wamkulu amene anaphedwa mu 1170. Anagwirizana zoti azifotokozerana nthano m'njira, ndipo wopambana adzadye chakudya chaulere pobwerera. Msilikali wolemekezeka atangomaliza nthano yake yaulemu, mwini chigayo, ataledzera moti akulephera kukhazikika pa kavalo, akulowerera ndi nthano yachigololo. Mulinso mayi wa ku Bath wokwatiwa kasanu, amene akutsutsa ansembe pogwiritsa ntchito Baibulo lawo lomwe. Chaucer anamwalira mu 1400 atalemba nthano 24 zokha, ulendo usanathe. Chachikulu chimene anasiyira obwera m'mbuyo ndi mzere wa maphatikizo 10 wotsindika kasanu. Mukawerengera ana "Whan that Aprill with his shoures soote," aona okha kuti ichi tsopano ndi Chingerezi chimene angathe kuchitsata.

Si onse anatsata njira ya Chaucer. William Langland analemba Piers Plowman mwa kalembedwe kakale kaja kobwereza liwu loyamba, kudzudzula ansembe adyera ndi olemera opondereza, ndipo dzina la mlimi wa m'ndakatuloyo linatchulidwa m'makalata a anthu amene anaukira boma mu 1381. Kumpoto chakumadzulo mlakatuli wina wosadziwika dzina analemba Sir Gawain and the Green Knight, imene kwa ine siichepera kwa Chaucer ngakhale pang'ono. Koma William Caxton atatsegula makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, anasindikiza Chaucer wa ku London. Gawain anadikira mpaka 1839. Amene ali pafupi ndi makina ndiye amamveka.

Tsopano zisudzo, kumene kuli yankho lenileni la funso la mwana wanu. Cholembedwa chakale kwambiri chili m'buku la malamulo a amonke limene bishopu Æthelwold wa ku Winchester anakonza cha m'ma 970. Likuti m'mamawa wa Pasaka mmonke mmodzi avale zoyera, atenge kanjedza, akakhale pa malo oimira manda. Ena atatu abwere ndi zofukizira lubani, akuyenda pang'onopang'ono ngati akufunafuna kanthu. Wokhala uja awafunse moimba kuti akufuna yani, iwo ayankhe kuti Yesu wa ku Nazarete, iye awauze kuti sali muno, wauka, kenako atatuwo anyamule nsalu yopanda mtembo n'kuionetsa kwa anthu. Zonsezi zinali m'Chilatini. Mabuku akale a sukulu amati kasewero aka kanakula mpaka kusefukira kunja kwa tchalitchi n'kusanduka masewero a m'misewu. Nkhaniyo ndi yokoma koma yosalala mopitirira muyeso. Masewero a Chilatini anapitirirabe m'tchalitchi pa okha, ndipo a m'misewu anali ndi eni ake ena, ndalama zina ndi chiyankhulo china.

Eni akewo anali mabungwe a amisiri ndi amalonda a m'matauni. Chikondwerero cha Corpus Christi, cha Thupi la Khristu, chinakhazikitsidwa mu 1264, ndipo chimagwa kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, pamene ku England dzuwa limachedwa kulowa. Ku York, kumene kaundula amatchula masewerowa kuyambira 1376, ankasewera mbiri yonse ya m'Baibulo tsiku limodzi, kuyambira kulengedwa kwa dziko mpaka chiweruzo chomaliza, m'timasewero pafupifupi 48. Bungwe lililonse linali ndi kasewero kake ndi ngolo yake. Osewera ankayenera kukhala atakonzeka 4:30 m'mawa. Ngolo zinkakokedwa ndi anthu m'misewu, n'kumaima pa malo oikika pafupifupi 12, ndipo paliponse kaseweroko kankabwerezedwa. Woonera ankangokhala pamalo amodzi, Baibulo n'kumamudutsa pamaso. Bungwe lochita mwaulesi kapena lochedwetsa anzake linkalipitsidwa chindapusa ndi khonsolo ya mzinda.

Kagawidwe kake kamandisangalatsa. Okhoma zombo anapatsidwa kumanga chingalawa cha Nowa, asodzi ndi amalinyero chigumula, osula golide anzeru a kum'mawa ndi mphatso zawo, ophika buledi mgonero womaliza, opha nyama imfa ya Khristu. Kupachika pamtanda anapatsidwa opanga mapini ndi misomali. Kasewero kameneka ndi koopsa chifukwa asilikali anayi aja sakuoneka ngati ziwanda, ali ngati amisiri pa ganyu. Akudandaula kuti wobowola mtanda analakwitsa muyeso, mabowo atalikirana, ndiye akumanga zingwe pa mikono ndi miyendo n'kumakoka kuti thupi lifike. Ponyamula mtanda wina akulira phewa, wina msana. Yesu akuyankhula kawiri kokha. Woonera amayamba kuseka nawo madandaulo awo, kenako mtanda ukaimikidwa amazindikira chimene wakhala akuseka.

Nthabwala sizinkaopa zopatulika. Ku Chester mkazi wa Nowa akukana kulowa m'chingalawa pokhapokha anzake omwa nawo alowenso, ndipo ana ake atamulowetsa mokakamiza akumuwomba Nowa khofi. M'buku la masewero lotchedwa Towneley muli sewero la abusa atatu amene akuyamba ndi kudandaula za chisanu, misonkho ndi mabwana. Wakuba wina, Mak, akuwabera nkhosa ali mtulo, n'kukaikulunga m'kabedi ka mwana, mkazi wake Gyll n'kumabuula ngati ali m'chikuta. Abusa akufufuza nyumba yonse osapeza kanthu, akupepesa n'kutuluka. Ali panja akumbuka kuti sanampatse khanda kamphatso, akubwerera, mmodzi akuvundukula nsalu kuti ampsompsone, n'kuona mphuno yaitali. Gyll akuumirirabe kuti mwana wake wasinthidwa ndi mizimu. M'malo mokamupachika Mak, akungomuponya m'mwamba pa chinsalu mpaka atatopa, ndipo atagona mngelo akuwadzutsa kuti apite ku Betelehemu, kumene akupeza khanda lenileni. Ku Coventry, malangizo a sewero akuti Herode alusire pa ngolo, atsikenso alusire mumsewu pakati pa anthu. Amene munaonerapo sewero la Khirisimasi kutchalitchi kwanu, Herode atavala chisoti cha katoni akubangula ana n'kumathawira kwa amayi awo, mukudziwa mmene zinkakhalira.

Panalinso masewero a mtundu wina, amene anthu ake sanali a m'Baibulo koma makhalidwe ovala thupi: Imfa, Chuma, Chifundo, Ntchito Zabwino. Mu Everyman, losindikizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 kuchokera ku sewero la Chidatchi, Imfa ikuitana munthu, abale ndi chuma akumuthawa, Ntchito Zabwino yekha ndiye akulowa naye m'manda. Lina lotchedwa Mankind, la cha m'ma 1470, lili ndi kanthu kofunika pa mbiri: pakati pa sewero osewera akuima n'kuuza anthu kuti chiwanda Titivillus sichituluka mpaka atasonkha ndalama. Apa zisudzo zayamba kukhala ntchito yodyerapo. M'masewero amenewa ndi mmene munakulira munthu wotchedwa Vice, woipa wanthabwala amene amanong'oneza oonera ziwembu zake ngati anzake. Mukamawerenga Iago kapena Richard III, a m'masewero a Shakespeare, akucheza ndi oonera, mukumva mdzukulu wake.

Masewero a m'misewu sanafe ndi ukalamba, anachita kuletsedwa. Henry VIII atachotsa England m'manja mwa papa mu 1534, nyumba za amonke zinatsekedwa ndipo mabuku ake anamwazika. Chikondwerero cha Corpus Christi chinathetsedwa mu 1548. Anthu anakakamirabe masewero awo, koma York inasewera komaliza mu 1569, Chester mu 1575, Coventry mu 1579. Mu 1576 akuluakulu a mpingo analembera tauni ya Wakefield kuletsa kuti munthu asasewere ngati Mulungu Atate, Mwana kapena Mzimu Woyera. Chaka chomwecho James Burbage, amene poyamba anali kalipentala, anamanga nyumba ya zisudzo yotchedwa The Theatre ku Shoreditch, kunja kwa malire a mzinda wa London, yolowa ndi ndalama pakhomo. Lamulo la mu 1572 linali litanena kale kuti wosewera wopanda bwana wolemekezeka womuteteza aziyesedwa woyendayenda wopanda ntchito, n'chifukwa chake magulu a zisudzo ankadziwika ndi mayina a mabwana awo. Mbali za akazi ankasewera anyamata, mpaka 1660.

Mzere umene Macbeth amayankhulira nawonso uli ndi eni ake. Henry Howard, Earl wa ku Surrey, amene anadulidwa mutu mu 1547, anatenga mzere wotsindika kasanu uja n'kuuchotsa kufanana kwa kumapeto pomasulira Virgil, mlakatuli wa Chilatini. Thomas Norton ndi Thomas Sackville anaulowetsa m'zisudzo mu Gorboduc, limene linaseweredwa pamaso pa mfumukazi Elizabeth mu 1562. Sewerolo ndi louma, sindingalipereke kwa mwana wa sukulu. Amene anaupatsa moto mzerewu ndi Christopher Marlowe, wobadwa chaka chimodzi ndi Shakespeare, mu Tamburlaine cha m'ma 1587.

Ndiye anaphunzira kwa ndani? Ku Chilatini cha kusukulu anatengako alembi achiroma Ovid, Plautus ndi Seneca. Nkhani ya Macbeth anaitenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed. Mzere anautenga kwa Surrey ndi Marlowe. Koma chizolowezi choika nthabwala pakati pa zoopsa ndi cha pa ngolo zija. Coventry ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Stratford, kwawo kwa Shakespeare, ndipo iye anali ndi zaka 15 pamene ankasewerako komaliza, choncho n'kutheka kuti anaonerako. Hamlet polangiza osewera amawachenjeza kuti asamapose Herode pa kulusa, mawu amene akanakhala opanda tanthauzo kwa oonera osamudziwa Herode wa mumsewu uja.

Poti muli pa Macbeth, mukatsegule gawo lachiwiri, chochitika chachitatu. Duncan wangophedwa kumene, kunja kukugogodedwa, ndipo mlonda wa pachipata, mowa usanamuchoke, akuyerekeza kuti ndi mlonda wa chipata cha gehena, akufunsa m'dzina la Belezebule kuti akugogoda ndani. Ana ambiri amaiona mbali imeneyi ngati yongotayitsa nthawi. Koma m'masewero a m'misewu munali kasewero ka Khristu kutsikira kwa akufa, kamene ku York ankachita osoka zishalo za akavalo. Khristu akufuula panja kuti zipata zitseguke, mkati ziwanda, Belezebule ali pomwepo, zikukangana ndi kuthamangira kutseka mipiringidzo, mpaka chipata chikugwa. Ena mwa akuluakulu amene ankaonera Macbeth ku nyumba ya zisudzo ya Globe ku London mwina ankakumbukira zimenezo kuyambira ubwana wawo, choncho mlonda uja akangotchula gehena akanatha kudziwa kuti nyumba ya Macbeth yasanduka chiyani, ndiponso kuti wogogodayo, Macduff, wabwera ngati ndani. Masewero a ku York ndi a Towneley alipo pa intaneti, ena m'Chingerezi cha masiku ano. Mukagawe kalasi pawiri, gulu lina lisewere chipata cha ku York, lina chipata cha Macbeth, motsatizana, pogwiritsa ntchito chitseko chomwecho cha kalasi yanu.